Galasi Lotchinga Mphepo pa Njinga ya Kabaza: Kulichuna Bwino Mwera Usanakule

Mwezi wa Meyi ukafika, anthu a m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti mwera wayandikira. Asodzi amayang'ana kumwamba kawiri asanakankhire bwato m'madzi, ndipo nthambi ya boma yoona za nyengo imayamba kuchenjeza pa wailesi onse oyenda panyanja. Koma mphepoyi siithera pagombe. Imakwera kumtunda, n'kukumana ndi anthu ena amene machenjezowo sawatchula kawirikawiri: oyendetsa njinga zamoto za kabaza, amene tsiku ndi tsiku amanyamula anthu kuchokera pa doko ndi pa msika wa pa boma kupita ku Mkondezi, ku Mpamba, ku Chintheche ndi m'midzi ya kumapiri kumene minibasi sizifika.

Ena mwa oyendetsawa amamangirira kutsogolo kwa njinga zawo galasi lotchinga mphepo. Ngakhale limatchedwa galasi, chipangizochi ndi pulasitiki yolimba yoonekera. Chikakhazikidwa bwino chimachepetsa kutopa ndi kuzizidwa. Chikakhazikidwa molakwika chimaphimba msewu, chimagwedeza mutu wa woyendetsa, ndipo chimatha kupotoza mahandulo mphepo ikawomba cham'mbali. Popeza pa mpando wakumbuyo pamakhala mayi wopita kusikelo, mwana wasukulu kapena wodwala wothamangira kuchipatala, nkhani ya galasili ikukhudza mabanja onse a m'mawodi athu.

Mphamvu ya mphepo pa njinga

Munthu akakhala pa njinga yamoto, chifuwa chake chimagwira mphepo ngati thanga la ngalawa. Mphamvu imene mphepo imamukankha nayo imakula mofulumira kuposa liwiro la njingayo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi. Motero amene akuyenda pa makilomita 80 pa ola akukankhidwa kanayi kuposa amene akuyenda pa makilomita 40 pa ola.

Mwera umawonjezera pamenepo. Mphepoyi imachokera chakummwera cha kummawa, ndipo imawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Woyendetsa wochoka pa boma kulowera ku Chintheche amakumana nayo maso ndi maso m'malo ambiri. Ngati akuyenda pa makilomita 60 pa ola, mphepo n'kumabwera pa makilomita 25 pa ola, thupi lake limamva ngati akuthamanga pa makilomita 85 pa ola. Mphamvu yomukankha imakhala itawirikiza kawiri, ngakhale muvi wa liwiro sunasunthe. Kuti asagwere kumbuyo, amakakamira mahandulo ndi kulimbitsa khosi. Likamafika dzuwa paliwombo mikono ndi mapewa zimakhala zatopa, ndipo munthu wotopa amachedwa kugwira buleki.

Kuzizira ndi vuto lachiwiri. Nyanja ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja ya mchere, pomwe mzinda wa Mzuzu uli pa mamita pafupifupi 1,250. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 47 wa pa msewu wa M5, munthu amakwera mamita ochepera pang'ono 800, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 5. Amene wanyamuka pa boma mmamawa wa mu Juni atavala shati yokha amafika kumtunda zala zitauma. Mphepo yodutsa pathupi imachotsa kutentha msanga, makamaka zovala zikanyowa, ndipo boma lathu ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'Malawi muno.

Vuto lachitatu ndi la maso. Fumbi, madontho a mvula ndi nkhungu zimalowa m'maso mwa woyendetsa amene chisoti chake chilibe chotchinga kumaso. Aliyense wa kuno adaonapo nkhungu zikutuluka panyanja ngati utsi, mphepo n'kuzikankhira kumtunda. Njinga yoyenda pa makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Kutsinzina kwa sekondi imodzi chifukwa cha kachilombo kolowa m'diso n'kokwanira kuti munthu asaone mbuzi kapena mwana wodumpha msewu.

Ntchito yeniyeni ya galasili

Ambiri amaganiza kuti galasi lotchinga mphepo ndi khoma lobisalako, kotero kuti lalitali ndilo labwino. Kaganizidwe kameneka ndiko kamabweretsa zolakwika zambiri. Ntchito ya galasili ndi kupatutsa mphepo. Mpweya ukagunda pulasitiki yopendekera kumbuyo umakwera m'mwamba, n'kupitiriza kukwera pang'ono ngakhale utadutsa m'mphepete mwake. N'chifukwa chake galasi lofika pa mphuno ya woyendetsa limatha kuchotsa mphepo pachifuwa ndi kuiponya chapamwamba pa chisoti, maso ake ali poyera.

Kuseri kwa galasi kumatsala malo a mpweya wochepa mphamvu, ndipo mphepo ya m'mbali ndi ya pamwamba imathamangira kukadzaza malowo mozungulirazungulira, monga madzi amachitira kuseri kwa mwala wa mumtsinje. Mutu wa woyendetsa ukakhala m'kati mwa mpweya wozungulirawo, chisoti chimanjenjemera, m'makutu mumamveka phokoso ngati la ng'oma, ndipo zinthu za pamsewu zimaoneka ngati zikuvina. Walira mvula walira matope: amene wasankha galasi ayenera kulandiranso ntchito yolichuna kufikira mpweya wozungulirawo utachoka pamutu pake.

Msinkhu woyenera

Lamulo lalikulu ndi lakuti woyendetsa aziona msewu pamwamba pa galasi, osati kudzera m'kati mwake. Pulasitiki imachita nthunzi mmamawa, imadzaza madontho mvula ikamagwa, ndipo ilibe chopukutira ngati galasi la galimoto. Nkhungu zikamatirira pamenepo, munthu wodalira kuona kudzera m'kati amasanduka wakhungu mwadzidzidzi. Palinso dzuwa. Wotsetsereka mmamawa kuchokera ku Mzuzu amayang'ana kummawa kumene dzuwa likutulukira panyanja, ndipo wokwera chitunda madzulo amayang'ana kumadzulo. Kuwala kotere kukagunda pulasitiki yokalikakalika kumamwazika, galasi lonse n'kuyera mbee. Nyali za galimoto zimachitanso chimodzimodzi usiku.

Msinkhu umayesedwa motere. Njinga iime pamalo osalala, matayala atapopedwa mokwanira. Woyendetsa akhale pa mpando monga amakhalira pa ntchito, atavala chisoti, manja ali pa mahandulo, osadziwongola ngati msilikali. Mnzake aone pamene m'mphepete mwa pamwamba mwa galasi mwafika. Mpofunika kuti mulingane ndi nsonga ya mphuno kapena mlomo wa pamwamba. Kenaka mnzakeyo ayike mwala pansi mamita 15 kutsogolo kwa njinga, omwe ndi masitepe pafupifupi 20. Mwalawo uyenera kuoneka pamwamba pa galasi popanda kutukula khosi. Ngati ukuoneka kudzera m'pulasitiki, galasilo latalika.

Kuyesaku kubwerezedwe munthu wina atakhala kumbuyo. Njinga za kabaza sizikhalitsa zopanda katundu, ndipo wokwera kapena thumba la chinangwa likakhala kumbuyo, matako a njinga amatsika, kutsogolo n'kukwera. Galasi limene limaoneka lili bwino njinga ili yopanda kanthu limayamba kuphimba msewu. Zimachitikanso pamene njinga ikumaliza chitunda, malo amene woyendetsa amafunika kuona msanga chomwe chili kutsidya. Komanso munthu akatopa amafwapa, maso ake n'kutsika. Pa zifukwa zimenezi, galasi lofupikirako pang'ono limaposa lotalikirako pang'ono.

Njinga zambiri zimayendetsedwa ndi anthu awiri, wina usana, wina usiku, kapena mwini wake ndi mnyamata wolembedwa ntchito. Ngati anthuwa amasiyana msinkhu, galasi lichunidwe potengera wamfupi.

Galasi lotalika limayamba latsitsidwa pa zitsulo zake. Kudula kumabwera pomaliza, pakuti chodulidwa sichibwereranso. Ngati kudulako n'kosapeweka, pulasitiki imatidwe tepi mbali zonse ziwiri, mzere ujambulidwe pa tepipo, ndipo adule ndi sowo ya mano ang'onoang'ono mosafulumira. M'mphepete modulidwamo mupalidwe ndi sandipepala kufikira mutasalala, chifukwa pa ngozi chifuwa ndi khosi la woyendetsa zimalunjika pomwepo.

Kupendeka kwake ndi mpata wa pansi

Msinkhu ukapezeka, chotsatira ndi kupendeka. Poyambira pabwino ndi kulipendeketsa kumbuyo mofanana ndi mafoloko a tayala lakutsogolo. Munthu akaima pambali pa njinga, galasi ndi mafolokowo zioneke zikutsata mzere umodzi. Galasi loima chilili limatchinga kwambiri koma limakoka njinga m'mbuyo ndi kuchulukitsa mpweya wozungulira. Logona kwambiri limalola mphepo kutsetsereka n'kulunjika pakhosi kapena pansi pa chisoti, ndipo chisoticho chimayamba kunyamuka.

Pakati pa galasi ndi nyali yakutsogolo pasiyidwe kampata kokwana chala chimodzi kapena ziwiri. Ena amatseka mpatawu ndi labala kapena katoni poganiza kuti akuletsa mphepo yonse. Koma kamphepo kolowera pansipo kamadzaza malo a kuseri kwa galasi aja, ndipo kugwedezeka kwa mutu kumachepa. Mpatawu umatetezanso pulasitiki kuti isamakhulane ndi nyali pa msewu wa mabampu.

Kuyesa komaliza kumachitika pa msewu wowongoka, wopanda anthu ambiri, woyendetsa ali yekha. Ayambe pang'onopang'ono, kenaka afike pa liwiro limene amayenda masiku onse, manja onse ali pa mahandulo, n'kumamvetsera pamene mphepo ikugunda. Ikagunda pakhosi kapena pachibwano, galasi liimikidwe pang'ono kapena likwezedwe, malinga lisapitirire mphuno. Chisoti chikamanjenjemera, litsitsidwe kapena ligonekedwe pang'ono. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi sentimita imodzi kapena ziwiri zokha, ataima pambali pa msewu. Wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi sadziwa chomwe chathandiza. Ayesenso mbali zonse ziwiri za msewu, chifukwa m'nyengo ya mwera ulendo wolowera kummwera ndi wobwerera kumpoto amamveka mosiyana kwambiri. Nthawi zina mphepo yoyera yogunda pachisoti mosadukiza imakhala yabwino kuposa yozungulira, ndipo ambiri amapeza mtendere atatsitsa galasi kufika pachifuwa chabe.

Kumanga kolimba

Pa njinga zing'onozing'ono za injini ya 100cc mpaka 150cc, zomwe ndizo zimagwira ntchito ya kabaza, galasi limamangidwa pa mahandulo ndi zitsulo ziwiri kapena zinayi. Zitsulo za kumanja ndi kumanzere zikhale pa mtunda wofanana kuchokera pakati, apo ayi mphepo imakankha mbali imodzi kuposa inzake, njinga n'kumakokera kumbali. Pa bowo lililonse la bawuti pakhale kalabala pakati pa chitsulo ndi pulasitiki. Mabawuti amangidwe mosinthanasinthana kufikira galasi litasiya kusuntha, osati kufinya ndi mphamvu zonse za sipanala, pakuti ming'alu yambiri imayambira pa bowo lofinyidwa kwambiri.

Akamaliza kumanga, mahandulo apotozedwe mpaka kumapeto kumanja ndi kumanzere. Galasi lisagunde thanki kapena magalasi oonera kumbuyo. Nthambo za buleki, za kilachi ndi za moto zisapanikizike, ndipo injini ikamalira mahandulo akupotozedwa, kulira kwake kusasinthe. Kukasintha ndiye kuti nthambo ya moto ikukokedwa, ndipo zimenezi zingathamangitse njinga pa kona mwini wake asakufuna. Nyali ndi maindiketa zisaphimbike. Misewu ya fumbi ya kumapiri, monga wopita ku Chikwina kapena ku Usisya, imamasula mabawuti msanga, kotero ndi bwino kuwagwira ndi sipanala mlungu uliwonse.

Mphepo ya m'mbali

Galasi lomangidwa pa mahandulo lili ndi vuto limene woyendetsa aliyense ayenera kulidziwa. Mphepo ikaligunda cham'mbali, mphamvuyo imapita ku chiwongolero. Likakula, mphamvuyonso imakula, ndipo njinga yopepuka imatha kusunthidwa kuchoka pa mzere wake. Izi zimachitika kwambiri pamene msewu ukutuluka pamalo otchingika kupita poyera: pomaliza mitengo ya labala ya ku Vizara, pa milatho, pa dambo, ndi pamene phiri lathera n'kuyamba kuonekera nyanja. Zimachitikanso popishana ndi lole kapena basi yaikulu, yomwe imayamba yakankha mpweya kenaka n'kuukoka.

M'malo otere woyendetsa achepetse liwiro asanafike poyera, afinye thanki ndi mawondo, ndipo mikono ikhale yomasuka kuti njinga idziwongole. Katundu wamtali kapena wotambalala, monga malata, matiresi ndi madengu osanjikiza, amagwira mphepo kuposa galasi lenilenilo. Tsiku la mwera waukulu, katundu wotere adikire kapena afunidwire galimoto.

Galasi lotambalala kuposa mapewa a woyendetsa silithandiza kanthu pa njinga yaing'ono. Limalemetsa injini pa chitunda ndi kuwonjezera mafuta ogwiritsa ntchito, ndipo ndalama ya mafutawo imachoka pa phindu la tsikulo.

Kusankha ndi kusamala

Magalasiwa amapangidwa ndi mitundu iwiri ya pulasitiki. Wa acrylic ndi wowala bwino koma umang'aluka msanga, ndipo ukasweka umasiya zidutswa zakuthwa. Wa polycarbonate ndi wolimba kwambiri ndipo umapindika usanasweke, ngakhale umakalika msanga ngati ulibe chokutira pamwamba. Wogula afunse mtundu wake. Galasi la pa zenera la nyumba, chidutswa cha lata kapena thabwa zisamangidwe kutsogolo kwa njinga ngakhale pang'ono, chifukwa pa ngozi zimacheka ngati mpeni.

Galasi lakuda bii, lodzaza zomata za matimu a mpira ndi mawu a nthabwala, limakopa maso pa siteji. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale woyendetsa amaona patali pamwamba pa galasi, dzenje kapena mwala umene uli pafupi ndi tayala amauona kudzera m'pulasitikimo, makamaka pa msewu wa fumbi wofuna kuzemba zigwembe. Mbali imeneyo ikhale yoyera.

Potsuka, pulasitiki iyambe yathiridwa madzi ambiri kuti mchenga uchoke, kenaka ipukutidwe ndi kansalu kofewa ndi madzi a sopo. Kupukuta fumbi louma ndi dzanja la jekete kumasiya mizere yosatha. Petulo ndi mankhwala osungunula penti zimachititsa pulasitiki kuyera ngati mkaka ndi kung'aluka. Nkhungu zouma zimafewa munthu akayala kansalu konyowa pagalasipo kwa mphindi zochepa. Galasi lomwe lachita chikasu ndi dzuwa kapena lang'aluka pa mabowo lichotsedwe. Kuyenda popanda galasi kuli bwino kuposa kuyenda ndi limene lingathothoke pakati pa ulendo.

Zimene galasi silingachite

Galasi lotchinga mphepo sililowa m'malo mwa chisoti. Malamulo a pamsewu a dziko lino amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwera wake avale zisoti. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidafotokoza kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo 42 pa 100 alionse, ndi cha kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100 alionse. Chisoti chimagwira ntchito lamba wake akamangidwa pansi pa chibwano. Chosamanga chimauluka ndi mphepo kapena kuvuka munthu asanafike pansi. Popeza maso a woyendetsa amakhala pamwamba pa galasi, chotchinga kumaso cha chisoti ndicho chimawateteza ku nkhungu ndi fumbi, ndipo usiku chikhale choyera.

Galasi silitetezanso manja ndi miyendo. Jekete yosalowa mphepo, magolovesi ndi nsapato zotseka zimafunikabe. Oyendetsa ambiri amadandaula za chifuwa m'miyezi yozizira, n'kumati ndi mphepo chabe. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chimafunika kukayezetsa kuchipatala, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha TB, chomwe mankhwala ake amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma.

Wokwera kumbuyo sapindula kwenikweni ndi galasili, ndipo nthawi zina mphepo yoponyedwa pamwamba pa woyendetsa imatsikira pa iye. Amayi akamakwera asonkhanitse chitenje ndi mpango wawo bwinobwino, chifukwa nsalu youluka ndi mphepo imatha kukodwa mu tcheni kapena m'masipoko a tayala lakumbuyo.

Okwera ali ndi mphamvu pa nkhaniyi, pakuti ndiwo amasankha njinga pa siteji. Munthu asanakwere akhoza kuona ngati maso a woyendetsa ali pamwamba pa galasi, ngati galasilo silikugwedera, ndiponso ngati pali chisoti chachiwiri. Atsogoleri a masiteji a kabaza, amene kale amaona za mzere ndi za mitengo ya maulendo, angathe kupatula mmawa umodzi mwezi wa Meyi usanathe kuti njinga zonse za magalasi ziyesedwe ndi mwala wa pa mamita 15 uja. Eni njinga amene amalemba anyamata ntchito ayenera kulola kuti galasi lichunidwe molingana ndi msinkhu wa amene akuyendetsa. Makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angathenso kuikumbutsa nkhaniyi pa misonkhano yawo. Ntchito yonseyi imafuna sipanala, mwala umodzi, mnzake wa woyendetsa ndi ola limodzi la tsiku.